Chilimwe mu Zomba: mafunso ndi mayankho okhudza kutentha ndi anthu amene kukuwapweteka kwambiri

Kuyambira kumapeto kwa Seputembala mpaka mvula yoyamba itagwa, anthu ambiri mu Zomba amagona mochedwa n'kudzuka ali otopa kale. Koma si onse. Pali nyumba zimene zimazizira dzuwa likangolowa, ndipo pali zina zimene zimakhala zikutenthabe tambala woyamba akulira. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amamveka m'minibasi, pa kiosiki ya madzi ndi m'misonkhano ya m'madera. Mayankho ake atsamira pa mfundo imodzi: thandizo liyambire kumene kutentha kukupweteka kwambiri, osati kumene kuli anthu odziwa kulankhula ndi akuluakulu.

Zomba ndi mzinda wa m'tsinde mwa phiri, wodziwika ndi kamphepo kayaziyazi. Nkhani ya kutentha ikuchokera kuti?

N'zoona kuti Zomba si Nsanje kapena Chikwawa, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 chilimwe chikafika pachimake. Mzinda wathu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 900, ndipo nsonga ya phiri imapitirira mamita 2,000. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, n'chifukwa chake ku Ku Chawe mungafune juzi tsiku lomwe anthu a ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, akusowa pothawira.

Komabe mu Okutobala ndi Novembala masiku ambiri m'tauni muno amafika kapena kupitirira madigiri 30, ndipo chiwerengero chimenecho chimayezedwa pamthunzi, pamalo opita mphepo. Sichinena za chipinda cha malata chopanda siling'i. Dziko lonse likutenthanso: bungwe la World Meteorological Organization linalengeza kuti 2024 chinali chaka chotentha kuposa zaka zonse zimene zinayezedwapo. Ifenso tinalawa nawo, chifukwa El Niño ya 2023 mpaka 2024 inabweretsa ng'amba imene inachititsa boma kulengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka dothi long'aluka. Anthu a kuno sakufunika kuuzidwa kuti nyengo yasintha.

Dzuwa ndi limodzi. Mukamati kutentha kumasankha mukutanthauza chiyani?

Yendani masana kuchoka ku Botanical Gardens, munda umene unakhazikitsidwa mu 1891, mutsike kudutsa pamsika waukulu mpaka ku Mpondabwino kapena ku Chikanda. Thupi lanu likuuzani lokha. Kumtunda kuli mitengo ikuluikulu, mapuloti otakasuka, udzu, ndi nyumba za makonde ndi madenga aatali. Kumunsi nyumba zagundana, pakati pake pangotsala kanjira, pansi ndi fumbi kapena simenti, pamwamba ndi malata okhaokha. Njerwa, phula ndi simenti zimamwa kutentha tsiku lonse n'kumakutulutsa pang'onopang'ono usiku. Mtengo umachita zosiyana: umatchinga dzuwa, ndipo masamba ake amatulutsa chinyezi chimene chimaziziritsa mpweya.

Kusiyana kumeneku sikunabwere kokha. Zomba linali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo amene anajambula mzindawu m'nthawi ya atsamunda anadzisankhira m'mbali mwa phiri, kumene kuli mthunzi ndi madzi a Mulunguzi. Antchito awo anapatsidwa malo kumunsi. Atsamunda anapita, koma mitengo ndi mapuloti zinatsala pomwe zinali. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 105,000 mumzindawu, ndipo ambiri mwa obwera kumene amakapeza malo kumadera othinana monga Chinamwali, Sadzi, Namalaka ndi Chikanda, kumene kuwonjezera chipinda cha lendi kumatanthauza kugwetsa mtengo wa mango.

Zoterezi zinayezedwapo kwina. Ku United States, kafukufuku wa mu 2020 anaona mizinda 108 n'kupeza kuti madera amene kale boma linawaika chizindikiro chakuti ndi osayenera ngongole za nyumba, makamaka okhala anthu akuda, lero ndi otentha ndi madigiri pafupifupi 2.6 kuposa madera amene anakonderedwa. Chisankho cha pa pepala cha m'ma 1930 chikumvekabe pakhungu la zidzukulu.

Kodi kutentha kumaphadi, kapena kumangosowetsa mtendere?

Kumapha, koma mwakachetechete. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anasiya milatho yoduka ndi nyumba zakugwa, ndipo aliyense anaona. Kutentha sikusiya chithunzi. Gogo wa BP akamwalira usiku wotentha, pamaliro timati wapita ndi BP. Mwana akafooka timati ndi kutsegula m'mimba. Kawirikawiri kutentha kumakhala kwakankhira matenda amene analipo kale. Mtima umagwira ntchito yowirikiza pofuna kuziziritsa thupi, impso zimavutika madzi akachepa, ndipo ngati usiku nawonso watentha, thupi limasowa mpata wopuma. Ku Ulaya m'chilimwe cha 2003 anthu oposa 70,000 anamwalira motere, ndipo chiwerengerocho chinadziwika pambuyo pake, poyerekeza ndi imfa za zaka zina.

Ndani ali pa chiopsezo chachikulu?

Okalamba, makamaka okhala okha, chifukwa ludzu salimva msanga ndipo thukuta limatuluka lochepa. Makanda ndi ana aang'ono. Amayi oyembekezera. Odwala mtima, shuga, impso kapena mphumu, ndi amene amamwa mankhwala okodzetsa kapena ena a matenda a maganizo. Olumala amene sangadzitulutse okha m'nyumba. Anzathu achialubino ali ndi vuto lapadera, pakuti dzuwa limawotcha khungu lawo n'kubweretsa khansa. Iwo amafunika chipewa chachikulu, zovala za manja aatali, mafuta otchinga dzuwa, komanso kuti asaimikidwe pamzere padzuwa.

Palinso anthu amene sangasankhe kumene agone: odwala m'mawodi, akaidi m'zipinda zodzaza, ana a sukulu zogonera komweko, ndi ophunzira amene amapanikizana m'tizipinda ta lendi pafupi ndi yunivesite. Dongosolo lililonse loiwala anthu amenewa ndi losakwanira.

Ndingadziwe bwanji kuti munthu wafika poopsa, ndipo ndichite chiyani?

Poyamba munthu amatuluka thukuta lambiri, mutu umapweteka, amamva chizungulire ndi mseru, minofu imakokana, mkodzo umachepa n'kukhala wachikasu kwambiri. Mukhazikeni pamthunzi, mumasuleni zovala, mumupatse madzi pang'onopang'ono. Ngati muli ndi Thanzi ORS, sungunulani paketi monga mwa malangizo ake. Ngati mulibe, thirani masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo.

Zikafika poti munthu akubwebweta, sakuzindikira anthu, akuyenda mwadzandidzandi, akugwa khunyu kapena wakomoka, thupi lili moto, imeneyo ndi ngozi yofuna chipatala nthawi yomweyo. Thupi likapitirira madigiri 40, ubongo ndi impso zimayamba kuwonongeka. Musadikire galimoto muli manja lende: mutsanulireni madzi thupi lonse, muikeni nsalu zonyowa m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, muzimukupiza ndi katoni kapena lichero mpaka mukafike ku Zomba Central, ku Matawale kapena chipatala chilichonse chapafupi. Munthu wokomoka osamumwetsa kanthu. Panado sathandiza pa vuto ili, chifukwa si malungo. Pofuna malangizo a zaumoyo mungaimbe ku Chipatala Cha Pa Foni.

Kwa amayi: mwana wosakwana miyezi 6 osamupatsa madzi ngakhale kutenthe bwanji. Muyamwitseni pafupipafupi, ndipo inuyo muzimwa madzi ambiri. Mukamubereka, onani kuti simunamufunditse nsalu ziwiri kapena zitatu ndi chipewa cha ulusi.

Ndimakhala nyumba ya lendi, ya malata, yopanda siling'i. Ndingachite chiyani popanda ndalama zambiri?

Funso ili ndi limene lili pamtima pa nkhani yonse, chifukwa malangizo ambiri amalembedwa ngati aliyense ali ndi nyumba yakeyake.

Kutentha kwambiri kumalowera padenga. Malata akapsa ndi dzuwa amawawula aliyense ali pansi pake ngati chiwaya cha pa mbaula. Chilichonse chimene mungaike pakati pa malata ndi mutu wanu chimathandiza: mphasa, mikeka ya bango, makatoni, kapena matumba osokedwa pamodzi n'kumangidwa pansi pa denga, kusiya mpata kuti mpweya uzidutsa. Samalani kuti zisayandikire mawaya a magetsi, kandulo kapena moto. Kupaka denga utoto woyera, ngakhale laimu, kumabweza dzuwa lisanalowe. Ku Ahmedabad, mzinda wa ku India, madenga opakidwa zoyera m'madera osauka anatsitsa kutentha kwa m'nyumba ndi madigiri 2 mpaka 5. Laimu amachoka ndi mvula, choncho amafunika kupakanso chaka ndi chaka, kumayambiriro kwa Seputembala.

Masana tsekani mawindo a mbali imene kuli dzuwa ndipo mutchinge ndi nsalu kapena mphasa, makamaka cha kunja. Khoma loyang'ana kumadzulo ndi limene limatenthetsa chipinda usiku. Mpanda wa nsungwi woyangidwa ndi magalagadeya kapena nyemba zoyanga umalitchinga. Dzuwa likalowa tsegulani mbali ziwiri kuti mphepo yotsika m'phiri idutse. Phikirani panja. Mbaula ya makala m'chipinda chotseka imawonjezera kutentha komanso mpweya wake umapha. Mukagona pakhonde kapena pabwalo, mangani neti, pakuti udzudzu sudziwa kuti mukuthawa kutentha.

Tinene mosabisa: zambiri mwa izi wa lendi sangachite popanda chilolezo cha mwini nyumba. Ena amaopa ngakhale kupempha, poopa kukwezeredwa lendi. Ena sangatsegule zenera usiku chifukwa lilibe zitsulo ndipo akuba ali pafupi. Apa ndi pamene mafumu a m'tauni ndi makomiti a madera ayenera kulowererapo, kukhala pansi ndi alandilodi onse a dera limodzi kuti agwirizane: mwini nyumba agule laimu, wa lendi apake, lendi isakwere chifukwa cha zimenezo. Munthu mmodzi akapempha yekha amaoneka wovuta. Dera lonse likapempha, chimakhala chizolowezi. Ndipo khonsolo ikamavomereza mapulani a nyumba zatsopano za lendi, iziyang'ananso mawindo, mabowo a mpweya ndi kutalika kwa denga.

Nanga fani?

Imathandiza ngati magetsi alipo, makamaka mukanyowetsa khungu kapena malaya. Koma m'chipinda mukafika madigiri 40, fani imangokupemererani mpweya wotentha. Ndipo nyumba zambiri zimene tikunenazi zilibe magetsi n'komwe. Dongosolo lodalira fani ndi makina oziziritsa limathandiza amene ali bwino kale.

Mukuti tizimwa madzi ambiri. Kodi mukudziwa mtengo wa ndowa pa kiosiki?

Funso ili ndi loyenera. Madzi a mzindawu amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri, ndipo amene ali ndi mpopi pakhomo amasamba kawiri kapena katatu patsiku lotentha. Amene amagula pa kiosiki amawerenga ndowa, ndipo amaima pamzere padzuwa kuti apeze madzi oti athane nalo dzuwa lomwelo. Nthawi zambiri oimawo ndi amayi ndi atsikana.

Zinthu zotheka zilipo. Makiosiki azitsegulidwa m'bandakucha ndi madzulo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Pa kiosiki iliyonse pakhale chisakasa kapena mtengo. Madzi akachepa n'kufunika kugawa, ndandanda izilengezedwa ndipo madera othinana asakhale omalizira. M'misika, m'madepoti, m'sukulu ndi m'zipatala mukhale ndowa ya madzi akumwa aulere yokhala ndi kampopi. Mipingo ndi mizikiti ingathe kuyamba zimenezi ngakhale mawa.

Pakhomo, mtsuko wadothi wovundikira umasunga madzi ozizira popanda magetsi. Musadikire ludzu, mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri, madzi achepa. Mowa, makamaka kachasu, umachotsa madzi m'thupi. Amene adokotala anawauza kuti achepetse madzi chifukwa cha mtima kapena impso afunse kuchipatala. Ndipo mipope ikauma, anthu amatsikira ku Likangala ndi ku zitsime zosatetezeka. Tikumbukire kolera ya 2022 mpaka 2023 imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Madzi oterowo aziwiritsidwa kapena kuthiridwa WaterGuard.

Chaka chilichonse timabzala mitengo. Chatsopano n'chiyani?

Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, ndipo mbande zimabzalidwadi. Funso ndi lakuti zimabzalidwa kuti, ndipo zingati zimafika Okutobala zili moyo. Mwambo wobzala umakonda malo otakasuka, osavuta kufikako ndi galimoto. Kuteteza phiri n'kofunika kwambiri, chifukwa ndi kumene kumachokera madzi athu, koma mtengo wa paphiri supereka mthunzi kwa mayi wogulitsa tomato pa Chinamwali. Tikufunika mitengo ya m'njira zimene anthu amayenda wapansi, pa masiteji a minibasi, pa makiosiki, m'mabwalo a sukulu, ndi m'mbali mwa Likangala.

Mtundu wa mtengo nawo ndi nkhani. Tikufuna umene uli ndi masamba mu Okutobala. Mango, mapeyala, mbawa, nimu ndi keshya zimagwira ntchito imeneyi, ndipo mtengo wa zipatso anthu sathamangira kuudula. Nsangu ili ndi khalidwe lodabwitsa: imayoyola masamba m'dzinja n'kukhala yobiriwira m'chilimwe. Mkuyu ndi kachere zili ndi mthunzi waukulu koma mizu yake imang'amba maziko, choncho ndi ya pabwalo. Bulugama amamwa madzi ambiri ndipo mthunzi wake ndi wochepa. Mwayi wathu ndi wakuti akatswiri a Forestry Research Institute of Malawi ndi a National Herbarium and Botanic Gardens ali mu Zomba momwemuno.

Mbande iliyonse ikhale ndi mwini wake wodziwika, woitchingira mbuzi ndi kuithirira madzi otsukira mbale m'chilimwe choyamba ndi chachiwiri. Ndipo koposa zonse, mtengo waukulu umene ulipo kale usagwe mwachisawawa. Mbande imatenga zaka zambiri kuti ifike pamene pali mango amene agogo anabzala.

Koma si anthu a m'madera omwewo amene akudula mitengo ndi kugula makala?

Makala amaphikidwira m'madera onse, kuphatikizapo nyumba za mipanda ya njerwa, makamaka magetsi akathima. Wosenza nkhuni kuchoka m'phiri amaoneka ndi maso, pamene wogula thumba la makala pa galimoto saoneka. Kuloza chala osauka sikubweza mthunzi. Chimene chingachepetse kudula ndi mbaula zosawononga nkhuni monga chitetezo mbaula, gasi wotsika mtengo, ndi magetsi odalirika. Ndiponso mwana wa miyezi itatu amene akulira usiku ku Sadzi sanadulepo mtengo.

Nanga ife ogwira ntchito padzuwa? Sitingasiye geni chifukwa kwatentha.

Palibe amene ayenera kukuuzani kuti mukhale pakhomo popanda kukuuzani chimene mudye. A kabaza, ogulitsa m'misika, oswa miyala, oumba njerwa ndi omanga nyumba amapeza ndalama ya tsiku lomwelo. Chotheka ndi kusuntha ntchito yolemetsa kuti ichitike m'mawa kwambiri ndi chakumadzulo, kupuma pamthunzi pafupipafupi pakati pa 11 koloko ndi 3 koloko, ndi kukhala ndi botolo la madzi nthawi zonse. Olemba anthu ganyu azipereka madzi ndi nthawi yopuma osadula malipiro.

Za misika, tiphunzire ku Freetown, likulu la Sierra Leone. Mu 2021 mzindawo unasankha Eugenia Kargbo kukhala mkulu woona za kutentha, woyamba mu Africa, ndipo imodzi mwa ntchito zake zoyamba inali kumanga madenga obweza dzuwa m'misika itatu ya pamtetete, kumene ogulitsa ambiri ndi amayi. Kuno ogulitsa amalipira chiphaso cha msika tsiku ndi tsiku. Si kupempha mopitirira kunena kuti gawo la ndalama imeneyo libwerere kwa iwo ngati mthunzi, kuyambira amene amayala pansi kunja kwa mashedi.

M'sukulu, masewero ndi misonkhano ya pabwalo zizichitika m'mawa, ana aloledwe kumwa madzi m'kalasi, ndipo chilango chogwada kapena kulima padzuwa chisakhaleponso.

Kuyenderana kungapulumutse bwanji munthu ku kutentha?

Mu Julaye 1995 kutentha kunapha anthu 739 mumzinda wa Chicago pa sabata imodzi. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, Eric Klinenberg, anayerekeza madera awiri oyandikana, onse osauka: Englewood ndi Auburn Gresham. Ku Englewood kunamwalira anthu 33 pa 100,000 alionse, ku Auburn Gresham 3 okha. Kusiyana kunali kwakuti ku Auburn Gresham anthu ankadziwana, ankayenda m'misewu, anali ndi timagolosale ndi magulu a m'dera, ndipo ankagogoda pakhomo pa okalamba. Ku Englewood ambiri anafera m'zipinda zotseka, popanda wowafunsa.

Pa ichi Zomba si wosauka. Tili ndi makomiti a maliro, mabanki m'khonde, milaga ndi miphakati ya mipingo, magulu a ku mzikiti, alangizi a zaumoyo, ndi mafumu odziwa khomo lililonse. Chofunika ndi kulemba mndandanda Seputembala asanathe: ndani wokalamba wokhala yekha, ndani wodwala wogona, ndani wangobereka kumene. Aliyense apatsidwe munthu womuyendera m'mawa ndi masana pa masiku otentha kwambiri. Kufunsa kuti “Mwaswera bwanji, agogo?” pakhomo sikokwanira, chifukwa ayankha kuti ali bwino. Lowani, muone ngati mumtsuko muli madzi, mukhudze mphumi, muwatulutsire pamthunzi. Matchalitchi, mizikiti ndi maholo okhala ndi madenga aatali angatsegulidwe masana kuti anthu akapumeko, bola akhale pamtunda woti gogo angayende.

Tingadziwe bwanji kuti kukubwera masiku oopsa?

Nthambi yoona za nyengo, ya Climate Change and Meteorological Services, imatulutsa machenjezo pa wailesi, pa Facebook ndi pa WhatsApp. Vuto ndi lakuti uthenga umathera pa mafoni a anthu amene ali pamthunzi kale. Uyenera kufika m'Chichewa ndi m'Chiyao, kudzera kwa amfumu, kwa tcheyamani wa msika ndi wa siteji, ndi pa zolengeza za Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu. Chenjezo lizibwera ndi zochita. Ahmedabad itataya anthu oposa 1,300 mu Meyi 2010, inakhazikitsa dongosolo mu 2013 limene limanena ndani achite chiyani kutentha kukafika pa mlingo wakutiwakuti: zipatala zikonzeke, madzi aperekedwe, mapaki atsegulidwe.

Ndalama ndi zochepa. Tisankha bwanji dera loyambira popanda kukondera?

Tiyeze, ndipo zotsatira zikhale poyera. Ophunzira a University of Malawi, pamodzi ndi achinyamata a m'madera, angaike zoyezera kutentha zotsika mtengo m'nyumba za ku Chikanda, Matawale, Mpondabwino, Kalimbuka ndi Old Naisi, n'kulemba za masana ndi za usiku kwa miyezi iwiri. Pambali pake awerenge mitengo, makiosiki, nyumba zopanda siling'i, okalamba ndi ana. Dera limene lapezeka lotentha kwambiri, lokhala ndi anthu ambiri osatetezeka komanso madzi ochepa, likhale loyamba, kaya linavotera ndani.

Mamembala a m'makomiti nawo aunikidwe. Pa msonkhano wokonza dongosolo lothana ndi kutentha pakhale a lendi, osati eni mapuloti okha. Pakhale amayi a pamsika, a kabaza, olumala ndi achialubino, ndipo uchitike pa nthawi imene iwo angabwere. Makhansala ndi aphungu afunsidwe kuti mu bajeti ya khonsolo ndi mu thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu (CDF) muli zingati za mashedi a m'misika, zisakasa za pa makiosiki ndi chisamaliro cha mitengo. Makomiti a za ngozi zogwa mwadzidzidzi amene amakumana pokonzekera madzi osefukira aziyamba kukumana mu Ogasiti, n'kuika kutentha pa mndandanda wa zokambirana zawo.